Zingwe za intaneti m'nyumba ndi mlandu wa rauta: momwe ntchito ikuyendera

Poyambira

Ntchitoyi ili pawiri. Mbali yoyamba ndi kuyala zingwe za netiweki kuchokera pomwe intaneti imalowera m'nyumba kukafika m'zipinda zogwiriramo ntchito, kuti kompyuta ndi TV zileke kudalira Wi-Fi. Mbali yachiwiri ndi kuthetsa mkangano womwe alamu anga anabweretsa, woti rauta, kabokosi kogawira intaneti ku zipangizo za m'nyumba, imadya liwiro, ndiye bola kuichotsa n'kulumikiza kompyuta mwachindunji.

Zinthu zili motere panopa. Intaneti imabwera pa fiber n'kuthera m'kabokosi komwe a kampani anakhoma pabalaza, kotchedwa ONT. Kabokosiko kamasandutsa kuwala kwa mu fiber kukhala sigino yoti iyende pa chingwe cha Ethernet. Amene intaneti yanu imabwera pa waya wa foni kapena wa TV, pamalo a ONT muli ndi modemu, koma nkhani ndi yomweyi. Kuchoka pa ONT pali chingwe chakale chomwe tinachipeza m'khoma, chimakwera kusiling'i n'kukatsikira m'kolido, pomwe pamakhala rauta. Timalipira 300 Mbps. M'chipinda cha kumapeto, pa Wi-Fi, ngakhale 40 sitifika.

Umboni wa alamu ndi uwu: anatenga laputopu yawo, kuilumikiza pa ONT ndi kachingwe kakafupi, kuyeza, n'kupeza pafupifupi 300 yonseyo. "Mwaona alamu? Kabokosi kanu ka nyangaka ndi kamene kakukuberani." Nambala yawo sindikuitsutsa. Chigamulo chawo ndicho sindikuchivomera, chifukwa pa kuyesa kumodziko anachotsa zinthu zitatu: rauta, Wi-Fi, ndi chingwe cha m'khoma. Mbala ikhoza kukhala iliyonse mwa zitatuzo. Ine ndizisintha chinthu chimodzi basi pa kuyeza kulikonse.

Loweruka, kuyeza ndisanakhudze kanthu

Laputopu imodzi, kachingwe kamodzi ka Ethernet ka mtundu wa Cat6 kochokera ku fakitale, seva imodzi yomweyomweyo pa Speedtest, m'mawa anthu asanayambe mavidiyo. Ndikuyezanso ndi fast.com ya Netflix kuti ndisamve mbali imodzi. Mafoni onse ndawachotsa pa Wi-Fi, pakuti foni imodzi ikamatumiza zithunzi ku cloud mwakachetechete, manambala onse amapotoka.

Kwa amene manambalawa amakusokonezani: makampani amawerenga ma megabit, Mbps, pomwe bulawuza ikamakoka fayilo imaonetsa ma megabyte, MB/s. Byte imodzi ndi ma bit 8. Ndiye mukamalipira 300 Mbps n'kumaona 37 MB/s, palibe wakuberani, ndi chinthu chimodzi.

Pa Wi-Fi, nditaima pafupi ndi rauta, ndapeza cha m'ma 90. Nditalumikiza chingwe kuchoka pa rauta kupita pa laputopu, 94. Kubwereza, 94. Kusintha seva, 94 yomweyo. Nambala ikamakakamira chonchi osagwedezeka, imakhala ikunena kanthu. Chingwe chikalumikizana pa 100 Mbps, gawo lina la liwirolo limapita ku timitu ta mapaketi a deta, toti tinene kochokera ndi kopita, ndipo chotsala kwa inu ndi 94 kapena 95. Pa Gigabit, yomwe ndi 1000 Mbps, chotsalacho ndi cha m'ma 940. Rauta yomwe purosesa yake yalemedwa siima pa nambala imodzi, imakwera n'kumatsika. Choncho 94 wosasunthayu akuloza kuti penapake pali zipangizo ziwiri zomwe zagwirizana kulankhulana pa 100 m'malo mwa 1000.

Laputopu ikuti pakati pa iyo ndi rauta pali 1.0 Gbps. Pansi pa rauta alemba kuti ma port onse, mabowo olowetsamo zingwe aja, ndi a Gigabit. Ndalowa patsamba lake la zosintha, pa 192.168.1.1, n'kuyang'ana port ya WAN, yomwe imalandira chingwe chochoka ku ONT. Palembedwa 100 Mbps.

Lamlungu, kuyesa koyenera

Ndazula rauta m'kolido, kupita nayo pabalaza, kuiyika pafupi ndi ONT. Kachingwe kakafupi kuchoka pa ONT kulowa mu WAN, kena kuchoka mu LAN, port ya zipangizo za m'nyumba, kupita pa laputopu. WAN yasintha pomwepo kukhala 1000. Kuyeza, pafupifupi 300.

Kenako ndailambalala rautayo monga anachitira alamu. Apa pali kanthu koti mudziwe. Makampani ambiri amapereka adiresi imodzi pa nyumba, ndipo amaimangirira ku MAC, nambala yozindikirira chipangizo, ya chipangizo chomwe chayamba kulumikizana. Mukangozula rauta n'kuikapo laputopu, nthawi zambiri simupeza intaneti kufikira mutazimitsa modemu kapena ONT, kudikira pang'ono, n'kuyatsanso. Ena amafuna PPPoE, yomwe imafunsa dzina ndi pasiwedi, ena amaonjezera nambala ya VLAN, yosiyanitsira ma netiweki oyenda pa chingwe chimodzi. Pamenepo laputopu muyenera kuitchera nokha. Kwa ife kuzimitsa ndi kuyatsa kwakwanira.

Zotsatira: popanda rauta ndi ndili ndi rauta, kusiyana kwake n'kochepa kuposa kusiyana kwa kuyeza kuwiri kotsatizana pa njira imodzi. Ping, nthawi yomwe paketi imatenga kupita ndi kubwera, nayo yasiyana ndi zosafika millisecond imodzi. Rauta yapezeka yosalakwa.

Ndiye chatsala chingwe cha m'khoma. Ndili ndi kachipangizo koyesera zingwe, kaja ka zidutswa ziwiri, chimodzi mumaika uku china uko, timagetsi n'kumayaka motsatana kuyambira 1 mpaka 8. Tayaka 1, 2, 3, 4, 5, 6, kudumpha 7, n'kuyaka 8.

M'chingwe cha Ethernet muli tiwaya 8, topotana tiwiritiwiri, magulu anayi. Liwiro la 100 Mbps limagwiritsa magulu awiri okha, pa mapini 1, 2, 3 ndi 6. Gigabit, yomwe muyezo wake wa pa zingwe za mkuwa unakhazikitsidwa mu 1999, imafuna magulu onse anayi. Kawaya kamodzi ka pini 4, 5, 7 kapena 8 kakaduka, zipangizo zambiri sizikuuzani kuti chavuta n'chiyani, zimangotsikira pa 100 n'kupitiriza ntchito. Intaneti imayenda, mavidiyo amaonetsa, ndipo munthu mukhoza kukhala zaka mukulipira liwiro lomwe silikudutsa pakhoma.

Nditamasula soketi ya m'kolido, kawaya koyera ndi bulawuni kanathothokera m'manja, kanali katathyokera pomwe kamalowa m'mano a soketi. Ndakanda kena ndi mpeni. Pamwamba ndi pofiirira ngati mkuwa, m'kati ndi moyera mbee. Ichi ndi chingwe cha CCA, aluminiyamu wopakidwa mkuwa kunja. Chimatchipa, koma chimathyoka msanga chikapindidwa, magetsi amayenda movutikira mwa icho, ndipo miyezo ya Cat5e ndi Cat6 imafuna mkuwa weniweni, ngakhale pa bokosi atasindikizapo mawu amenewo. Ndikanatha kungodula kumapeto n'kukhomanso soketi. Sinditero. Chathyoka pano, mawa chithyoka pena.

Alamu nditawauza pa foni anangoti, "Komabe pochotsa rauta zinathamanga." N'zoona, zinathamangadi.

Kusankha chingwe

Apa ndachedwapo, chifukwa chingwe cholowa m'khoma simuchisintha chaka chamawa.

Cat5e imanyamula Gigabit mpaka mamita 100, ndipo kuchokera mu 2016 pali muyezo wa 2.5 Gbps womwe umayenda pa Cat5e yomweyo. Cat6 imafika 10 Gbps pa mtunda wosapitirira mamita 55. Cat6a imafikitsa 10 Gbps pa mamita 100, koma ndi yonenepa, youma, yovuta kuikhotetsa m'mapaipi ang'onoang'ono. M'nyumba muno mulibe chingwe chomwe chifike mamita 30, ndiye Cat6 yakwana n'kutsalako.

Zija zolembedwa Cat7 ndi Cat8 zomwe zadzaza pa intaneti, zaphwatalala ngati riboni, sindikuziyandikira. Cat8 anaipangira ma data centre, pa mtunda wa mamita 30. Cat7 muyezo wake sunapangidwire mapulagi wamba a RJ45 omwe ogulitsa amamangirirako. Nambala yaikulu pa chingwe sikweza intaneti ya 300 Mbps ngakhale pang'ono.

Ndatenga cha mkuwa weniweni, cha tiwaya tolimba ta mtima umodzi, chosakutidwa ndi chitsulo. Cha mtima umodzi ndi cha m'khoma ndi m'masoketi. Cha tiulusi tambirimbiri, chofewa chija, ndi cha pakati pa soketi ndi kompyuta, pomwe chimapindidwapindidwa. Chokutidwa ndi chitsulo chimafuna kuti chitsulocho chilumikizidwe ku earth bwinobwino, apo ayi palibe chomwe mwapindula, ndipo m'nyumba wamba sichifunika.

Mapulani ake: zingwe zonse zikumane malo amodzi, m'kabati ya m'kolido, momwe mukhale patch panel (bolodi la masoketi pomwe zingwe zimathera), switch (kabokosi kolumikiza zingwezo pamodzi) ndi rauta. Chipinda chilichonse chilandire zingwe ziwiri, ngakhale lero chikufunika chimodzi. Chovuta pa ntchitoyi ndi kukwera kusiling'i, osati chingwe.

Loweruka lotsatira, kusiling'i

Ndimayembekeza kumangirira chingwe chatsopano ku chakale n'kukoka. Sizinatheke. Amene anaika chakalecho anachikhomerera ku mitanda ndi timisomali topinda, mwamphamvu mpaka chingwe kuphwanyika pansi pa kamsomali kalikonse. Penanso anachimanga pamodzi ndi waya wa magetsi mtunda wautali. Ndachisiya momwemo, ndangodula nsonga zake kuti wina asadzachigwiritsenso ntchito.

Magetsi ndinayamba ndazimitsa pa bokosi lalikulu. Kusiling'i mumaponda pa mitanda pokha. Pakati pake bolodi silinyamula munthu. Mng'ono wanga anali pansi akumasula chingwe m'bokosi, ine m'mwamba ndikukoka ndi kawaya kokokera. Chingwe chikapanga mfundo potuluka m'bokosi, wokoka aime, wapansi aongole. Mukakoka mwamphamvu mfundoyo imathina, tiwaya ta m'kati timasiya kupotana bwino, ndipo choyesera cha timagetsi sichidzakuuzani, chidzangoyaka 1 mpaka 8 ngati zonse zili bwino.

Kupotanako ndiko mtima wa chingwechi. Tiwaya tiwiri ta gulu limodzi timanyamula sigino imodzi mozondokana, ndipo phokoso la magetsi lochokera kunja limagwera tonse tiwiri mofanana, ndiye wolandira akachotsera kamodzi pa kanzake phokosolo limatha. Gulu lililonse analipota mosiyana ndi linzake kuti magulu asasokonezane okhaokha. N'chifukwa chake sitikhotetsa chingwe mothina, lamulo lake n'loti kukhota kusachepere kanayi kunenepa kwa chingwecho, ndipo sitichifinya ndi zomangira. Ndamanga ndi timalamba ta velcro, momasuka. Pomwe ndakumana ndi waya wa magetsi ndadutsa mopingasa, osayenda naye limodzi.

Nsonga iliyonse ndalemba nambala ndisanaikoke, uku ndi uko. Ndasiyanso chingwe chotsala pang'ono chokulungidwa pamwamba pa soketi iliyonse, kuti ikadzafuna kukhomedwanso pakhale podula.

Msana ukuwawa. Zingwe zonse zafika.

M'kati mwa sabata, kukhoma masoketi

Ndondomeko zoyalira tiwaya zilipo ziwiri, T568A ndi T568B. Zonse zimagwira ntchito mofanana, chachikulu n'kusankha imodzi nyumba yonse. Ndatenga B: woyera ndi orenji, orenji, woyera ndi girini, buluu, woyera ndi buluu, girini, woyera ndi bulawuni, bulawuni. Onani kuti gulu la girini lagawika, lili pa 3 ndi 6, buluu ali pakati pake. Anthu ambiri oyamba kumene amayala mitundu motsatana mmene maso akufunira, mbali zonse ziwiri mofanana. Choyesera chimavomera chifukwa pini iliyonse yafika kwa inzake, koma sigino ya 3 ndi 6 ikuyenda pa tiwaya tosapotana, ndipo chingwe chikatalika zolakwika zimayamba.

Zingwe za m'khoma sindikuzimangirira mapulagi. Zonse zikuthera mu ma keystone, timasoketi tokhomera tija, uku ku chipinda, uko ku patch panel. Pa keystone pali kale mitundu yojambulidwa ya A ndi B, mumangogoneka kawaya m'kampata kake n'kudinikiza ndi chokhomera, icho chimalowetsa n'kudula chotsala. Mpeni wa chokhomeracho uyang'ane kunja. Chikopa cha chingwe ndikusenda pang'ono chabe, ndipo kupotana ndikukumasula zosapitirira mamilimita 13. Kumapeto kwenikweniku ndi kumene zingwe zambiri zimaonongekera.

Kuchoka pa soketi kupita ku zipangizo ndikugwiritsa zingwe zopangiratu. Za crossover, zosinthanitsa tiwaya kumapeto kumodzi, iwalani, ma port a Gigabit amazindikira okha n'kudzitembenuza.

Lachisanu, kuyeza za m'nyumba mokha

Speedtest imayeza njira yonse mpaka kunja, ndiye singandiuze ngati zingwe zanga zili bwino kupitirira 300. Pa zimenezo ndagwiritsa iperf3, pulogalamu yaulere. Pa kompyuta imodzi mumalemba iperf3 -s, pa inzake iperf3 -c ndi adiresi ya yoyambayo, ziwirizo n'kumathirana deta osatuluka m'nyumba. Soketi iliyonse yapereka cha m'ma 940, kupita ndi kubwera. Ndiwo malire a Gigabit.

Laputopu ya mng'ono wanga yokha inakana kupitirira cha m'ma 300 pa soketi yomwe inzake inapereka 940. Ilibe port ya Ethernet, imagwiritsa ka adaputa ka USB, ndipo kanali kolowetsedwa pa USB 2.0, yomwe malire ake ndi 480 Mbps papepala, pa ntchito n'kuchepera apo. Kusunthira pa bowo la USB 3, yakwera. Ichi n'chinanso chomwe chimanamizira rauta.

Chingwe chatsopano cha ONT kupita ku rauta: WAN ikuti 1000. Kompyuta ya m'chipinda cha kumapeto, yomwe inali pansi pa 40, tsopano ikulandira zonse zomwe timalipira, rauta ili pamalo pake.

Loweruka madzulo, nyumba yopanda rauta

Alamu anabwera kudzaona ntchito ndipo anafunsa funso labwino. Poti pali switch ndi zingwe m'zipinda zonse, bwanji osangolumikiza ONT ku switch, rauta n'kuichotsa? Ndinati tiyese, aone ndi maso.

Kompyuta yomwe inayamba kuyaka inapeza intaneti. Zina zonse zinangokhala. TV ikuti palibe netiweki, laputopu yadzipatsa adiresi yoyamba ndi 169.254, yomwe kompyuta imadzipatsa ikaitana osayankhidwa. Mafoni alibe Wi-Fi, pakuti Wi-Fi imachokera m'bokosi lomwe tachotsalo. Pulinta siikuoneka.

Switch imangopatsirana mapaketi pakati pa zipangizo za m'nyumba, sigawa maadiresi. Kampani imapereka adiresi imodzi ya IPv4, ndipo sikuti ndi umbombo chabe. Maadiresi amenewa alipo pafupifupi 4.3 biliyoni dziko lonse, ndipo nkhokwe yaikulu ya IANA, bungwe logawa maadiresiwa, inatha mu February 2011. Rauta ndiyo imatenga adiresi imodziyo n'kuigawana ndi nyumba yonse. Kudzera mu DHCP imapatsa chipangizo chilichonse adiresi ya m'kati, monga za 192.168, ndipo kudzera mu NAT imakumbukira kuti yankho lomwe labwera ndi la foni iti kapena kompyuta iti.

China chomwe ndimafuna alamu aone chinali pa kompyuta yomwe inapeza intanetiyo. Adiresi yake inali yapoyera, yofikirika kuchokera kulikonse. Ndinayatsa zolemba za firewall, mlonda woletsa alendo osaitanidwa kulowa, ndipo tisanamalize kucheza mizere inali itayamba kutsika: maadiresi achilendo akugogoda pa makomo a mapulogalamu, otchedwanso port, 22, 23, 445, 3389. Si kuti wina akutifuna ifeyo, ndi makina omwe amayendayenda pa intaneti usana ndi usiku kufunafuna khomo losatseka. Rauta ikakhalapo, kugogoda kosaitanidwa kotere kumathera pa iyo. Kompyuta yatsopano ili ndi firewall yake, inde, koma kamera yotchipa kapena pulinta yakale mukaiyika poyera chonchi mwaipereka. Ena kampani yanu imakuikani kuseri kwa NAT yake, mudzaona adiresi ya WAN ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, kwa inu kugogodaku sikufika, koma vuto la adiresi imodzi likadalipo. Pa IPv6 maadiresi ndi ochuluka, NAT siifunika, komabe firewall ya pa rauta imafunika.

Tinabwezeretsa rauta. Alamu anati, "Chabwino, koma musandiuze kuti rauta siichedwetsa intaneti n'komwe." Pamenepo akunena zoona, ndipo ndawalonjeza kuyesa.

Lamlungu, pomwe rauta imalakwadi

Ma rauta otchipa ambiri akadali ndi ma port a 100 Mbps, ngakhale pa bokosi atalemba manambala akuluakulu ngati AC1200. Nambala imeneyo ndi ya Wi-Fi, yophatikiza 300 ya pa 2.4 GHz ndi 867 ya pa 5 GHz, ndipo palibe chipangizo chimodzi chomwe chimailandira yonse. Yang'anani pomwe alemba za ma port. Mukaona 10/100, intaneti yanu idzathera pa 94 zivute zitani.

Chachiwiri ndi purosesa. Rauta za m'nyumba zimathamanga chifukwa zili ndi njira yachidule yomwe imadutsitsa mapaketi a NAT osavutitsa purosesa. Pa ma rauta ambiri, mukayatsa QoS (yosankha mapaketi oyenera kudutsa poyamba), kuwerengera deta ya chipangizo chilichonse, kapena zosefera masamba, njira yachiduleyo imazima ndipo paketi iliyonse imadutsa mu purosesa. Ndayatsa QoS pa yathu kuti ndione. Liwiro latsika kufika pansi pa 200, manambala akuvinavina, osati kuima pamodzi ngati 94 uja. Kuzimitsa, labwerera. PPPoE nayo imalemetsa purosesa yofooka pa liwiro lalikulu, VPN, njira yobisira deta, yoyendera pa rauta ndiye kwambiri. Ndipo amene mumalipira kupitirira 1 Gbps, port ya Gigabit idzakuimitsani pa 940.

Pa zonsezi kulambalala rauta kumathandiza ngati njira yofufuzira. Chingwe chomwecho, kompyuta yomweyo, malo omwewo, rauta ilipo kenako palibe. Kusiyana kukakhala kwakukulu, zimitsani zomwe zikuilemetsa kapena gulani ina yamphamvu.

Kulambalala komwe ndikuona kuti kuli ndi nzeru n'kumodzi. Makampani ena amapereka bokosi lomwe ndi modemu komanso rauta, inu n'kuonjezera rauta yanu kumbuyo kwake. Pamenepo NAT yakhala iwiri. Liwiro silitsika kwenikweni, koma magemu a pa intaneti amadandaula, kutsegula port kumavuta, ndipo nyumba imagawika ma netiweki awiri osaonana. Mankhwala ake ndi bridge mode pa bokosi la kampani, kuti lisiye ntchito ya rauta n'kuisiyira yanuyo. Mwachotsa rauta imodzi, ina yatsala.

Wi-Fi

Mafoni sangalandire chingwe, ndiye kumapeto kwa nyumba kukufunikabe Wi-Fi yabwino. Ya 5 GHz imathamanga koma makoma amaifooketsa msanga. Ya 2.4 GHz imafika patali koma ndi yothinana, ma channel osalowerana alipo atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndipo a nyumba zoyandikana nawo ali momwemo. Komanso pa Wi-Fi amalankhula mmodzimmodzi, ena onse adikire, n'chifukwa chake foni ikaonetsa 866 Mbps chenicheni chimakhala theka kapena kuposerako pang'ono. Ma repeater omwe amalandira ndi kutumiza pa wailesi imodzi amadulanso pakati chotsalacho.

Poti chingwe chafika kale kumeneko, ndatenga rauta yakale yomwe inali m'dirowa, kuzimitsa DHCP yake, kuipatsa adiresi yosagundana ndi yaikulu, n'kulowetsa chingwe mu LAN, osati mu WAN. Dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi ndaika zofanana ndi za yaikulu, channel yosiyana. Yasanduka access point, chipangizo chongopereka Wi-Fi. Ma port ake ndi a 100, ndiye ikupereka cha m'ma 90, zomwe foni zikukwana nazo. Ndikadzagula yeniyeni yokhoma kusiling'i idzalandira magetsi pa chingwe chomwecho kudzera mu PoE, ndipo apa mkuwa weniweni uja udzaonetsa phindu lake, pakuti CCA imatentha n'kutaya mphamvu panjira.

Chomwe chatsala

Liwiro lakwana koma dandaulo limodzi silinathe. Madzulo, wina akamalankhula pa vidiyo, mawu amadukaduka. Speedtest nthawi yomweyo imati zonse zili bwino.

Ndasiya ping ikuyenda kupita ku 1.1.1.1 n'kuyamba kutumiza fayilo yaikulu. Pamene mzere unali phee, yankho limabwera msanga ndi mofanana. Kutumiza kutangoyamba, nthawi yoyankhira yalumpha kufika ma millisecond mazanamazana, n'kutsika fayilo itatha. Vutoli limatchedwa bufferbloat, dzina lomwe Jim Gettys analitchukitsa cha m'ma 2010. Njira yotumizira ndi yopapatiza kuposa yolandirira, ndiye ikadzaza, mapaketi amaunjikana pamzere wautali m'chipangizo china, ndipo kapaketi ka mawu anu kamadikira kumbuyo kwa zithunzi za munthu wina. Kuchotsa rauta sikungathetse izi. Ndinayesa ndili pa ONT mwachindunji, ping inalumpha chimodzimodzi, kutanthauza kuti mzere wa mapaketiwo uli mbali ya kampani.

Njira yodziwika ndi SQM. Rauta imadziikira malire pang'ono pansi pa liwiro la mzere, cha m'ma 90 peresenti, kuti mulu uzichitikira mwa iyo, momwe ingathe kuusamala. Kenako njira yosanjira mapaketi, fq_codel kapena CAKE, imagawa mpata mosinthana, timapaketi ta mawu n'kumadutsa msanga. CoDel, maziko a fq_codel, anaifotokoza Kathleen Nichols ndi Van Jacobson mu 2012, ndipo lero ili mu Linux. Mutaya liwiro pang'ono pa Speedtest, mawu n'kuleka kuduka. Ine ndingasankhe zimenezo mosazengereza.

Chovuta n'chakuti pulogalamu ya ku fakitale ya rauta yathu ilibe SQM, ili ndi QoS ija yomwe inaigwetsa pansi pa 200. OpenWrt, pulogalamu yaulere yoika mu rauta m'malo mwa ya ku fakitale, ili nayo, koma SQM siyenderana ndi njira yachidule ya NAT, ndiye purosesa idzasenza zonse yokha, ndipo ndaona kale mphamvu zake. Ndikuganiza zoyamba ndi mbali yotumizira yokha, pomwe pali vuto lenileni ndipo deta ndi yochepa. Pakadali pano ndachepetsa liwiro lotumizira mu pulogalamu ya backup pa makompyuta onse awiri, ndipo madzulo ano kulankhulana kwayenda bwinoko. Mafoni okha sindingawaletse motero.

Ndisanaike OpenWrt ndiyenera kuwerenga kapepala ka pansi pa rauta, chifukwa dzina limodzi limakhala ndi v1, v2, v3, ndipo m'kati mwake ma chip amasiyana. Fayilo ya OpenWrt ya mtundu wina ikhoza kuipheratu rautayo. Ndisunganso pulogalamu ya ku fakitale ndi zosintha zonse pa laputopu, ndipo ndidzachita izi m'mawa wa tsiku loti palibe amene ali ndi msonkhano. Patch panel ikufunikabe kulembedwa manambala ooneka bwino, ndipo bowo lomwe zingwe zatsikira m'kabati silinamatidwe.